Suti ya ukwati mu Novembala, kuno ku Chigwa cha Shire

Mnyamata wina wa ku Nchalo wandilembera kalata. Telala wamupatsa tizidutswa tinayi ta nsalu ya ubweya wa nkhosa kuti asankhe ya suti ya ukwati wake mu Novembala, ndiye akufunsa kuti yabwino aidziwa bwanji. Achimwene, mwanditosa pachilonda.

Wanga ukwati unachitikira ku Bangula, mwezi womwewo. Nsalu ndinakagula ku Limbe, m'sitolo ina imene sinditchula. M'mphepete mwake munali zilembo zagolide, "Super 150s", ndipo mwini sitolo analumbira kuti ndi ya ku England. Ndinalipira osanenerera n'komwe. Pa tsikulo, m'tchalitchi cha malata, dzuwa lili pamutu, ndinali ngati chinangwa chophikira mu jumbo. Thukuta linatsetsereka mpaka m'nsapato. Ankhoswe anandinong'oneza kuti, "Limbani mtima, banja si nkhondo." Iwo ankayesa mantha! Patatha sabata, simbi ya makala inasiya chipsera chonyezimira pa bondo la buluku. Inali poliyesita yokhayokha.

Zilembo za m'mphepete aliyense angathe kuluka. Ngakhale zitakhala zoona, nambalayo imangonena za kupyapyala kwa ubweya: wa Super 100s sudutsa mamaikuloni 18.75, wa Super 150s sudutsa 16.25 (maikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Ubweya wotere umachokera ku nkhosa za merino, zambiri za ku Australia, n'kukalukidwa m'mafakitale ngati a ku Biella ku Italy kapena Huddersfield ku England. Nambala ikamakwera nsalu imafewa, inde, koma imathanso msanga. Munthu wokwera kabaza ndi minibasi ya ku Thabwa, 150 ndi yachani? Ndinena mosabisa: kuno nambala imeneyi ndi yonyengerera anthu basi.

Chimandipweteka n'chakuti thonje timalima tokha, ku Ngabu uku ndi midzi yonse yozungulira, koma tsiku lalikulu timavala pulasitiki. Agogo anga ankapita ku msonkhano atavala jekete ya khaki, osatuluka thukuta ngati ine. Koma tiyeni tibwerere ku tizidutswa tanu.

Zoti muchite kwa telala

Sololani ulusi umodzi, muutenthe ndi machesi. Ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopsa, moto umazima wokha, ndipo chotsalacho chimafumbutuka mukachitikita. Poliyesita imasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Yesani ulusi wa mbali zonse ziwiri, wa m'litali ndi wopingasa, chifukwa ena amasakaniza.

Kenako fumbatani kachidutswako mwamphamvu, mutambasule dzanja. Kabwino kamawongoka kokha. Kayang'anitseni ku dzuwa: ngati kuwala kukudutsa m'timipata ta ulusi, mphepo nayo idzadutsa. Funsaninso kulemera kwake. Kwathu kuno sankhani ya magalamu pakati pa 200 ndi 250 pa mita. Ya 350 kupita m'mwamba isiyireni a ku Dedza.

Pomaliza muwauze atelala kuti jekete asaitseke yonse ndi layiningi ya poliyesita, aike ya m'mapewa ndi m'manja mokha. Ukwati ukatha, suti muichapitse musanaisunge, chifukwa njenjete zimakonda ubweya wa thukuta. Yanga ija njenjete sizinaikhudze mpaka lero, ikadali m'sutikesi, yonyezimira ngati yatsopano.