Momwe maganizo a anthu ophunzira anagwetsera mafumu: yankho kwa wa Fomu 4

Wophunzira wina wa Fomu 4 wandilembera kuti analoweza mayina a Locke, Montesquieu ndi Rousseau, koma akafunsidwa momwe maganizo awo anachititsira anthu kuukira mafumu, amasowa poyambira.

Mwanawe, mayina okha sangakupatse malikisi, chifukwa wochonga mayeso amafuna aone njira imene ganizo linadutsa kuchokera m'buku kufika mumsewu. John Locke anaphunzitsa kuti boma limakhalapo mwa chilolezo cha anthu, ndipo likapondereza ufulu wawo iwo angathe kulichotsa. Ganizo limeneli ndi lomwe Thomas Jefferson analemba m'chikalata cholengeza ufulu wa America mu 1776. Rousseau naye mu 1762 anati ulamuliro ndi wa anthu onse pamodzi.

Komabe usalembe ngati kuti Afalansa anangowerenga mabuku n'kunyamula zida. Boma la mfumu yawo Louis XVI linali litamira m'ngongole, zina mwa izo chifukwa chothandiza America pankhondo, zokolola za 1788 zinali zoipa, ndipo buledi anakwera mtengo pamene anthu wamba ankasenza misonkho yambiri. Njala inalipo kuyambira kale. Chatsopano chinali chakuti tsopano anthu anali ndi mawu ofunsira kuti mfumu mphamvu zake inazitenga kwa ndani. Ndende ya Bastille inagwa pa 14 July 1789, ndipo mu August nthumwi za anthu a ku France zinalengeza m'chikalata kuti anthu amabadwa aufulu ndi ofanana.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri, ngakhale ophunzira ambiri amachidumpha, ndi cha Saint-Domingue, dera la minda ya nzimbe lomwe Afalansa ankalilamulira kumadzulo kwa chilumba cha Hispaniola ku Caribbean. Olemba chikalata cha mu August 1789 chija sanathetse ukapolo, koma akapolo a kumeneko, pafupifupi 500,000, anali ndi chifukwa chonse chonenera kuti mawuwo akukhudza iwonso. Anaukira mu August 1791, Toussaint Louverture anadzakhala mtsogoleri wawo, ndipo atagonjetsa asilikali a Napoleon, wolamulira wa France, mtsogoleri wawo wina Jean-Jacques Dessalines analengeza dziko la Haiti pa 1 January 1804.

Ukafika pa mtima wokonda fuko, tchula kuti asilikali a Napoleon atalowa m'mayiko a Ajeremani, katswiri wa maganizo wa ku Germany dzina lake Fichte anayankhula ku Berlin mu 1807 ndi 1808 kuti anthu a chiyankhulo chimodzi ndi mtundu umodzi. Yesa kulemba ndime imodzi ya Haiti sabata ino, ukawapatse aphunzitsi ako akuchongere.