Pepalalo ndi lanu, achimwene, musalipemphe mogwada

Achimwene ena andilembera imelo kuchokera ku Cape Town. Agwira ntchito zaka zitatu pa lesitilanti ina, mwezi wathawu awauza kuti bizinesi sikuyenda ndipo ntchito yatha. Atapita ku labour centre, ofesi ya boma yoona za ntchito, kukafunsa za ndalama za UIF, thumba la inshuwalansi lothandiza amene ntchito yawathera, anawabweza kuti akatenge kwa bwana fomu ya UI-19, imene bwana amalembamo nthawi imene munthu wagwira ndi chifukwa chimene ntchito yathera, ndi mndandanda wa malipiro awo. Bwanayo foni sakuyankha. Funso lawo ndi lakuti amupemphe bwanji kuti asakwiye.

Mtima wandiwawa nditawerenga, ndipo sikuti chifukwa cha bwanayo, poti mabwana otere tawaona ambiri. Chandiwawa ndi inuyo, achimwene. Munthu wakhala akukudulani ndalama mwezi ndi mwezi, wakuchotsani ntchito, pano akukuzembani, koma nkhawa yanu ndi yoti iyeyo angakhumudwe. Sindikukudzudzulani ayi. Mtima umenewo tinaleredwa nawo tonse, ndipo ine ndinauona m'mene unatigonetsera ndi njala mu 2020.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa shopu ya ukalipentala cha ku East Rand, kum'mawa kwa Johannesburg, yopanga makabati a kukhitchini. Tinalipo Amalawi angapo, Mzimbabwe mmodzi amene makina onse ankawadziwa ngati anawapanga yekha, ndi anyamata a konkuno. Mwini wake ankatikonda, tisaname. Makiyi a pageti ankasunga Mmalawi. Akamapita kutchuthi mu Disembala, nyumba yake ndi agalu omwe ankasiyira mmodzi wa ife. Kukabwera makasitomala ankatiyamikira ife tili pomwepo, kuti Amalawi sakuba, sadandaula, sachita sitiraka. Ife n'kumamwetulira. Malipiro ankabwera ndi payslip, ndipo m'munsi mwake, pa zodulidwa, pankalembedwa UIF, 1 peresenti ya malipiro. Kandalama ka buledi ndi sopo basi, koti sungakaganizire. Lamulo limati bwana awonjezerepo 1 peresenti ina yochokera m'thumba mwake, zikwane 2 peresenti, ndipo azitumiza pofika pa 7 mwezi wotsatira.

Pa 27 Malichi 2020 dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Boma linalengeza TERS, thandizo lochokera m'thumba lomwelo la UIF, ndipo wofunsira antchito ake anali bwana. Anthu oyandikana nawo nyumba, ogwira m'mafakitale ena, anayamba kulandira. Ife zii. Bwana ankati makompyuta a boma akukana mapasipoti a alendo, ndipo popeza ena zinkawachitikiradi, tinakhulupirira. Lendi inaunjikana. Kumudzi mayi akaimba foni tinkangoti zonse zili bwino, kuopa kuwadwalitsa mtima. Shopu itatsegulidwa maoda anali atachepa, ndipo chaka chisanathe ena a ife tinauzidwa kuti tisabwerenso. Ndinapita ku labour centre ndi pasipoti, pemiti ili bwinobwino, ma payslip anga onse ali m'jumbo imene ndinkasunga pansi pa matiresi. Mayi wa pakauntala anabaya nambala yanga, kenako anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Munalibe kanthu. Dzina langa silinalowepo ngakhale mwezi umodzi pansi pa kampani imeneyo. Kandalama kankadulidwa kaja kankathera mwa iye mwini.

Ndiye tinayamba kuyendera UI-19. Bwerani Lolemba, wa maakaunti kulibe. Bwerani Lachisanu, bwana ali ku saiti. Geti lomwe lija tinkasunga makiyi ake, tsopano tikuima kunja kwake, tikulankhula ndi kabokosi ka pakhoma. Panali bambo wina wachikulire wa ku Nkhata Bay amene anagwirapo zaka zambiri kuposa tonsefe, zala zake ziwiri zinali zopindika chifukwa cha macheka a pomwepo. Bamboyo akamabaya batani la kabokosiko ankavula kaye chipewa n'kuchigwira pachifuwa, chonsecho wa m'katimo sakumuona. Ankayamba ndi kupepesa kuti wasokoneza. Ndikamawerenga imelo yanu, achimwene, ndikuona chipewa chimenecho.

Fomu inatuluka patapita nthawi, ndipo apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Pa UI-19 pali kabokosi kakang'ono kolembamo nambala ya chifukwa chimene ntchito yathera. Nditabwerera nayo ku labour centre, mayi wa pakauntala uja anazunguliza kabokosiko ndi cholembera nandifunsa ngati ndinasiya ndekha. Munalembedwa 6. Nambala 6 imatanthauza kuti munthu watula pansi ntchito mwa kufuna kwake, ndipo wotere salandira ndalama za ulova. Chimodzimodzi 13, yonena kuti munthu anangothawa osatsanzika. Zimene zimatsegula chitseko ndi monga 4, kuchotsedwa ntchito, 5, kutha kwa kontirakiti, 11, kuchepetsa antchito, ndi 14, kutsekedwa kwa bizinesi. Ife tinayenera kulembedwa 11. Bwana amene walemba 6 amadziwa chimene akuchita. Akavomera kuti wachepetsa antchito, lamulo limufunsa ndalama ya sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chimene munthu wagwira, limufunsanso ngati anatsata njira yake. Akalemba kuti munachoka nokha, zonsezo wazemba ndi kanambala kamodzi.

Ndinene mosabisa tsopano. Mbiri yabwino imene tili nayo kuno ku Joni, yoti Mmalawi ndi wofatsa ndi wokhulupirika, yadyetsa mabwana kuposa m'mene yadyetsera ana athu. Onani m'magulu a pa Facebook m'mene amalembera akafuna wa m'dimba kapena wa m'nyumba, kutchula dziko lathu ngati mtundu wa katundu. Ena mwa ife timanyadira. Ine sindinyadiranso. Ambiri mwa ofuna Mmalawiwo akufuna munthu amene sangafunse payslip, sangafunse za tchuthi, ndipo tsiku lomutaya angoti zikomo bwana n'kunyamula chikwama. Alipo mabwana achilungamo, ndawaonapo, ndipo amenewo ukawafunsa UI-19 amakupatsa tsiku lomwelo osasintha nkhope. Amene amakwiya ukafunsa pepala ali ndi chimene akubisa. Ulemu ndi wabwino, sindikuuza munthu kuti akatukwane pageti. Koma ulemu umene tinaphunzitsidwa ndi wa kwa makolo, kwa apongozi, kwa amfumu, anthu oti mawa ukadwala adzakunyamula. Bwana si malume anu. Inu munagulitsa thukuta, iye anagula, ndipo pa malondawo boma linaika malamulo. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limamulamula kupereka payslip nthawi iliyonse akalipira, kusunga zolemba za malipiro anu kwa zaka zitatu, ndiponso kukupatsani kalata yotsimikiza kuti munagwira ntchito kwa iye pamene mukuchoka. Mulibemo mawu oti ngati wakondwa.

Nkhani ya mapepalayi sinayambe ndi ife. Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Theba, bungwe limene poyamba linkatchedwa Wenela, nthawi imene anthu ankakwera ndege kupita kumigodi ya golide. Ambiri a ife dzina la Wenela timalidziwa ngati depoti ya mabasi ku Blantyre, kuiwala kuti linachokera ku bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa kutumiza anthu. Zinadzayambiranso pang'ono, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Agogo anabwerako ndi njinga, wailesi, ndi chifuwa chimene sichinathe mpaka anamwalira. Mapepala awo anali m'kachitini pamwamba pa mtanda wa denga, ndipo chiswe ndi mvula zinagawana. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni zolipira odwala matenda a fumbi la m'migodi ndi chifuwa chachikulu, ndipo panakhazikitsidwa Tshiamiso Trust yoyendetsa ndalamazo. Choyamba chofunika kumeneko ndi umboni woti munthuyo anagwiradi pa mgodi wakutiwakuti, zaka zakutizakuti. Mabanja angati kwathu ali ndi umboni umenewo? Zidzukulu zawo tabweranso dziko lomwelo, ndipo tikubwerera kumudzi manja ali mbee chimodzimodzi, ntchito ya zaka khumi yopanda kapepala kamodzi koikira umboni.

Mwina china chimene chimatipangitsa kusalabadira ndi chakuti kwathu thumba lotere kulibe. Ntchito ikatha ku Lilongwe kapena ku Limbe, umadikira ya severance ngati ilipo, ndi penshoni imene lamulo la 2011 linakakamiza, bwana 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Ndipo nakonso nkhani yake ndi yomweyi, makampani odula penshoni pa malipiro osaitumiza. Ndiye munthu akafika kuno n'kuona UIF pa payslip amangoti ndi msonkho wina wa boma la eni ake. Si msonkho. Ndi inshuwalansi yanu. Pa masiku anayi aliwonse amene mwagwira mumasunga tsiku limodzi lodzalandira, mpaka masiku 365 ngati mwasonkha zaka zinayi. Ndalama yake imakhala pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya malipiro, wolandira zochepa ndiye amapeza gawo lalikulu, ndipo kupitirira masiku 238 imatsika kufika pa 20 peresenti. Si yolemeretsa, koma imalipira lendi munthu akusaka kwina. Ndipo alongo athu a m'nyumba za anthu amve: antchito a pakhomo analowa mu UIF kuyambira 2003. Aliyense wogwira maola oposa 24 pa mwezi kwa bwana mmodzi ayenera kulembetsedwa, kaya ndi wochapa, kaya ndi wotchetcha kapinga.

Nkhani ya pemiti

Simunanene za mapepala anu okhalira, ndipo ndikudziwa kuti ambiri owerenga pano mtima wagunda. Mlendo amene pasipoti ndi pemiti yake zili bwino ali ndi ufulu wofunsira UIF ngati wina aliyense. Amene analowa ndi masiku 30 a mlendo n'kukhalirira, njira ya UIF ndi yovuta kwambiri, ndipo sindimunamiza kuti angopita. Koma asamve kuti alibe chake chilichonse. Mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, khoti loona za ntchito linagamula kuti mlendo amene pemiti yake yatha ndi wantchitobe pamaso pa malamulo a ntchito, ndipo CCMA ikhoza kumva dandaulo lake. Malipiro a masiku amene wagwira, ya notisi, ya tchuthi chimene sanapite, zonsezo bwana sangazikane ponena kuti ulibe pemiti, poti pomulemba ntchito ankadziwa. Wotere ayambe wapita ku maofesi opereka uphungu wa zamalamulo mwaulere, amene alipo m'mizinda ikuluikulu ndi m'mayunivesite ena, asanakagogode kwina.

Chimene chimandinyansa ndi mabwana ogwiritsa ntchito mantha amenewa. Ukangotchula Labour, iye atchula Home Affairs. Amaiwala dala kuti wolemba ntchito munthu wopanda pemiti nayenso walakwira lamulo.

Ife za kushopu kuja zinatha titasiya kuima pageti. Mzimbabwe uja ndiye anati tipite tonse pamodzi tikalembetse dandaulo kwa ma inspector a ku labour centre, ndipo atafika pashopupo ndi faelo m'manja, fomu zokonzedwa zinatuluka sabata yomweyo, wa maakaunti uja anapezeka mwadzidzidzi. Bwana wosatumiza ndalama za UIF amalipira zonse za m'mbuyo, kuphatikiza chindapusa cha 10 peresenti ndi chiwongoladzanja, n'chifukwa chake amabisala. Ndalama tinalandira mochedwa, ngongole zitatidya kale. Bambo wa ku Nkhata Bay sanadikire, anakwera basi.

Ndiye inu, achimwene, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lekani kuimba foni. Mulembereni uthenga pa WhatsApp kapena imelo, waufupi, waulemu, wopanda kupepesa: tsiku limene munayamba, tsiku limene ntchito inatha, ndi kuti mukufuna UI-19, mndandanda wa malipiro ndi kalata ya ntchito pofika tsiku lakuti. Jambulani uthengawo musunge. Tsikulo likadutsa bwererani ku labour centre ndi pasipoti, ma payslip amene muli nawo, sitetimenti ya kubanki yoonetsa malipiro akulowa, kontirakiti ngati ilipo, ngakhale mauthenga akale a mashifiti, mukanene kuti bwana akukana ndipo mukufuna kudandaula kwa inspector. Muwapemphenso akuonetseni ngati dzina lanu lili m'kaundula. Fomu ikatuluka yang'anani kabokosi ka nambala musanachoke pamalopo, ndipo musasaine pepala lililonse lonena kuti mwasiya nokha. Fomu ya UI-2.8, yotsimikiza akaunti yolandirira ndalamazo, mukadinditse kubanki yanu. Mwayi wofunsira UIF ndi miyezi 12 kuchokera tsiku limene ntchito inatha, koma ngati mukuona kuti anakuchotsani mopanda chilungamo, ku CCMA ndi masiku 30 okha, ndipo poti mwati zinachitika mwezi wathawu, kumeneko pitani mawa.