“Ndikuwerenga Baibulo tsiku ndi tsiku, koma sindikusintha”

Mayi wina wa ku Santhe m'boma la Kasungu ananditumizira imelo sabata yatha. Akuti kwa zaka zitatu tsopano amadzuka m'mamawa kuwerenga chaputala chimodzi asanapite kumsika, kumene amagula soya ndi mtedza kwa alimi. Koma mtima wawo wapachala ndi womwe uja, ndipo ndi apongozi awo akungokokanabe. Tsono akufunsa: kodi mawu a Mulungu amakulitsadi munthu, kapena ndi mwambo chabe?

Mayi, zikomo chifukwa chofunsa mosabisa. Ndiyambe ndi zoti simukuona kusintha. Pa Marko 4:26-29 pali fanizo limene Marko yekha ndiye analemba. Munthu afesa mbewu, n'kumagona ndi kudzuka, mbewuyo n'kumakula iye osadziwa momwe zikuchitikira: poyamba mmera, kenako ngala, pomaliza maso okhwima m'ngalamo. Inu a ku Kasungu izi simungauzidwe. Mukadzala chimanga ndi mvula yoyamba, palibe amene amakhala pamzere kuti achione chikutalika. Mumangozindikira mu Febuluwale kuti chakupitirirani msinkhu ndipo chamasula ngayaye. Mwini mtima kawirikawiri ndiye womaliza kuona kuti wasintha. Afunseni ana anu kapena bambo akunyumba ngati ndinu yemwe uja wa zaka zitatu zapitazo. Mwina yankho lawo likudabwitsani.

Komabe ndikakusiyani pamenepa ndikhala ndakunamizani. N'zotheka kuwerenga zaka zambiri osasuntha. Yakobo 1:22 akuti tikhale akuchita mawu, osati akumva okha, ndipo akuyerekeza wongomvayo ndi munthu wodziyang'ana pagalasi, n'kuchoka, n'kuiwala nkhope yake. Ine ndinakhalapo munthu ameneyo.

Nthawi ina ndinkalima fodya pang'ono. Ndinalemba anyamata atatu a ganyu kuti andithandize kubandira, kuthyola ndi kusoka, ndipo tinapangana kuti ndalama yotsala ndidzawapatsa fodya akagulitsidwa. Mabelo anagulitsidwa, ndalama inalowa, ine n'kugula malata. Anyamata aja akabwera ndinkawauza kuti abwere sabata yamawa. Pamenepo n'kuti Baibulo ndikuwerenga m'mawa uliwonse, kutchalitchi osajomba. Tsiku lina ndinafika pa Yakobo 5:4, pamene akunena kuti malipiro a antchito okolola m'minda yanu, amene mwawamana, akufuula, ndipo kufuulako kwafika m'makutu a Ambuye. Ndimeyi ndinali nditaiwerengapo kangapo, ndikumaganiza za eni maesiteti akuluakulu ndi matenanti awo. Tsikulo ndinaona nkhope zitatu. Levitiko 19:13 sapereka n'komwe sabata: akuti malipiro a wolembedwa ntchito asagone kwa iwe kufikira m'mawa. Kwa ine anagona miyezi iwiri. Ndinagulitsa mbuzi, n'kupalasa njinga kukawapeza kwawo, n'kupepesa pamaso pa makolo awo. Manyazi a tsiku limenelo ndimawakumbukirabe. Koma kuyambira pamenepo Baibulo linasiya kukamba za anthu ena, linayamba kukamba za ine.

Ndiye kwa inu, Mayi, ndikupempha kuti muchepetse kuwerenga kwa kanthawi. Chaputala chonse m'mamawa, maganizo ali kale kumsika, chimangodutsa ngati madzi pamsana pa bakha. Tengani ndime imodzi kapena ziwiri, mudzifunse kuti lero zikukhudza ndani, pa ola liti, pamalo pati.

Ntchito yanu ili ndi ndime zakezake. Miyambo 11:1 akuti muyeso wonyenga umanyansa Yehova, ndipo Deuteronomo 25:13-15 akuletsa kukhala ndi miyeso iwiri m'thumba, waukulu ndi waung'ono. Sindikukuganizirani zoipa. Koma tonse tikudziwa kuti m'misika yathu, kaya pa Santhe, pa Chamama kapena pa Kamwendo ku Mchinji, alipo masikelo amene amadya, ndipo mlimi wobwera ndi thumba panjinga alibe poyezera kwina. Sikelo yanu ikakhala yoona pamene za anzanu zikubera, phindu lichepa, ndipo ena akusekani. Pamenepo mpamene mawu amene munawerenga m'mawa amayesedwa ngati ali ndi mizu.

Za apongozi, werengani buku la Rute. Lili ndi machaputala anayi okha, mutha kulimaliza madzulo amodzi. Naomi sanali munthu wophweka kukhala naye. Chisoni chinamuwawitsa mtima mpaka anauza anthu kuti azimutcha Mara. Chimene chimandigwira mtima ndi kanthu kakang'ono pa Rute 2:18. Rute atadya kumunda kwa Boazi n'kukhuta, anasunga chotsala n'kukapatsa apongozi ake. Sanadikire kuti mkazi wamkuluyo ayambe wakoma mtima. Ndipo mkangano ukabuka, Aefeso 4:26 sakunena kuti Mkhristu sakwiya, koma akuika malire: dzuwa lisalowe muli chikwiyire. Ameneŵa ndi malire amene mungawaone ndi maso, chifukwa dzuwa limalowa tsiku lililonse.

Musatenge izi ngati njira yogulira chipulumutso. Aefeso 2:8-10 akunena poyera kuti tinapulumutsidwa mwa chisomo, ndipo ntchito zabwino zimabwera pambuyo. Tsiku limene mwalephera, mwakalipa, mwalapa, m'mawa mwake tsegulaninso buku.

Simunandiuze Baibulo limene mumawerenga. Ambiri tinakula ndi Buku Lopatulika la 1922, limene William Murray ndi anzake, kuphatikizapo aphunzitsi achikuda, anamasulira ku Kaso pafupi ndi Mvera. Ndimalikonda kwambiri, ndipo ndime zimene ndinaloweza ndili mwana zili m'Chichewa chake. Koma chilankhulo chake n'chakale, makamaka m'makalata a Paulo. Ngati mawu ena akukutsekerezani, yerekezani ndi Buku Loyera la 1998, lomwe Chichewa chake n'chapafupi ndi chimene timalankhula lero.

Chinanso, musamawerenge nokha nthawi zonse. Mdindo wa ku Itiyopiya uja pa Machitidwe 8 anali ndi buku la Yesaya m'manja, koma anavomera kuti sangamvetse popanda womutsogolera, ndipo Filipo anakwera m'galeta n'kukhala naye. Ngati ndinu a CCAP, kuli Chigwirizano cha amayi; ngati ndinu a Katolika, kuli limana. Pezanimo mayi mmodzi wachikulire amene mungamuuze ndime imene mwasankha sabata imeneyo, ndipo mumulole adzakufunseni Lamulungu kuti zinayenda bwanji kumsika ndi kunyumba.

Nyengo yogula soya ikatha mundilemberenso, mundiuze za sikelo ndi za apongozi. Pakadali pano ndikukupemphererani.