Funsani Dokotala: Andiyeza malungo katatu, akuti mulibe. Nanga chikundidya n'chiyani?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 38, ndimagulitsa kaunjika ku Ndirande. Kuyambira chaka chatha mutu umandipweteka ngati andimanga chingwe, mtima umagunda ngati ndathamanga, ndipo ikamakwana 2 koloko usiku tulo tabalalika. Ndapita kuchipatala katatu. Ulendo uliwonse amandibaya chala, akuti malungo mulibe, n'kundipatsa panado. Bambo a kunyumba anapita ku Joni ndipo anasiya kutumiza ndalama, ngongole ya kubanki mkhonde ili pakhosi. Apongozi akuti wina wandilodza kumsika. Ndilowere kuti?

Yankho: Mayi, pepani ndi zonsezi. Ndikufunseni kaye: mwa maulendo atatu aja, ndi ulendo uti umene munawauza achipatala za ngongoleyo ndi za bambowo? Ndikukhulupirira palibe. Ambiri tikalowa m'chipinda cha dokotala timanena za mutu, za msana, za m'mimba, koma zimene zikutisowetsa tulo timazisiya pabenchi panja. Dokotala nayenso akaona mzere wafika kukhonde amathamangira kuyeza malungo, akapeza mulibe n'kulemba panado. Cholakwa chimenechi n'chathu ife achipatala, ndipo inenso ndinachichitapo.

Zimene mukumvazo si zongoganizira. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mukakumana ndi njoka panjira ya kudimba, timadzi timeneti ndi timene timathamangitsa mtima, kulimbitsa minofu, kutulutsa thukuta ndi kuimitsa kaye ntchito ya m'mimba kuti muthe kuthawa. Njoka ikadutsa thupi limabwerera mwakale. Koma ngongole sidutsa. Thupi silisiyanitsa njoka ndi tsiku lobweza ndalama kugulu, ndiye limangokhala chilili, lokonzeka kuthawa, kwa miyezi. Minofu ya m'khosi ndi ya m'mutu ikakhala yokungika nthawi yaitali chonchi imabweretsa mutu womanga ngati chingwe umene mukunenawo.

Sindinakuoneni ndi maso, choncho sindinganene kuti ndi maganizo okhaokha. Kuchepa kwa magazi, BP, shuga ndi chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyezo zimathanso kugunditsa mtima. Bwererani kuchipatala chomwecho ndi buku lanu lakuchipatala lomwe lija. Musagule buku latsopano ayi, chifukwa wolitsegula akaona kuti mwabwera katatu ndi vuto limodzi amadziwa kuti pali china chofunika kufufuza. Mukangokhala pampando, asanakubayeni chala, nenani kuti: "Malungo andiyeza katatu mulibe. Sindikugona, ndili ndi maganizo ambiri. Ndikupempha mundiyeze BP ndi magazi, komanso ndionane ndi namwino woona za maganizo." Anamwino amenewa amapezeka m'zipatala za maboma, ndipo ku Blantyre kuno madokotala a matendawa ali ku Gulupu. Pachipatala cha boma simulipira. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Panadoyo muchenjere naye. Kumwa masiku 15 kapena kupitirira pamwezi, mwezi ndi mwezi, kumayambitsa mutu wina wobwera ndi mankhwala omwewo. Bulufeni womwa pafupipafupi amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba. Mapilisi ogonetsa a diazepam amene ena amagula mwamseri ndiye musawayandikire popanda dokotala. Thupi limawazolowera m'masabata ochepa, kusiya kwake n'kovuta.

Tsono pa za maganizozo. Ku Zimbabwe, dokotala wina dzina lake Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench cha m'ma 2006 ku Mbare, mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi pakhomo pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri kwathu komweku. Njira yawo ndi yosavuta, ndipo inayesedwapo kale m'zipatala zina kuno kwathu. Munthu amatchula mavuto ake onse, n'kusankhapo limodzi lokha limene angathe kuligwira ndi manja sabata imeneyo. Ine ndikayang'ana anu, ndikuona kuti mtima wa bambo ali ku Joni simungautembenuze muli ku Ndirande. Kudzuka usiku n'kumasuzumira pa WhatsApp ngati ali pa intaneti kukungokudyerani tulo. Foniyo izigona patali ndi mphasa. Koma ngongole ili ndi pogwira. Pitani kwa atcheya a gulu tsiku lobweza lisanafike, muwauze chilungamo, mupemphe kubweza pang'onopang'ono. Chimene ndikukuletsani ndi kukatenga katapila kuti mutseke dzenjeli.

Mtima ukayamba kugunda, khalani pansi, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi zisanu. Kupuma kotereku kumatsitsa liwiro la mtima. Tiyi wakuda ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija, dzuwa likapendeka muzisiye. Ndipo pezani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, kaya wa kumvano kaya mchemwali, woti muzimuuza zakukhosi.

Apongozi anu sindilimbana nawo, akunena chifukwa chokuderani nkhawa. Kupemphera pempherani. Chimene ndaona ine n'chakuti ulendo wa kwa sing'anga umadya mpamba womwe watsala, n'kukusiyani mukudana ndi mnzanu wa benchi loyandikana amene sanakulakwireni. Koma tsiku lina mukadzamva kupweteka pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, kubanika, kapena mbali imodzi ya thupi kufooka, musadzati ndi maganizo. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Funso: Adokotala, ndine mlimi wa fodya ku Kasungu, zaka 55. Anandipeza ndi BP ya 170/100 nthawi imene ndinkadikira kuti mabelo anga agulidwe. Pano fodya ndagulitsa, ngongole ya feteleza ndabweza, mtima uli m'malo. BP yanga inali ya maganizo. Kodi ndingasiye mankhwala?

Yankho: Bambo, musasiye. Nkhawa imakwezadi BP kwa kanthawi, koma nthawi zambiri imangoulula matenda amene analipo kale. Vuto la BP ndi lakuti simva kuwawa. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Ena amadzadziwa atafa kale ziwalo.

Mukayezetsa lero n'kupeza yatsika pansi pa 140/90, dziwani kuti ndi mapilisiwo akugwira ntchito. Kuchepetsa kapena kusintha ndi ntchito ya amene akukuonani kukiliniki, ataona manambala a miyezi ingapo m'buku mwanu. Inu ntchito yanu ndi mchere: usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, kuphatikizapo wa m'ndiwo, ndipo mbale ya mchere ichoke pamphasa podyera. Ngati fodyayo mumasutanso, mugulitseni yense.

Funso: Adokotala, mchimwene wanga wa zaka 27 ntchito inamuthera miyezi isanu yapitayo. Anasiya kucheza, sasamba, amangodzitsekera m'nyumba, akatuluka ndi wa kukachasu. Dzana anandiuza kuti watopa ndi moyo. Ndikati tipite kuchipatala akuti iye si wamisala woti akamutsekere ku Zomba. Amalume akuti mwamuna salira, alimbe mtima. Ndine mlongo wake, ndili ku Mzuzu.

Yankho: Achemwali, mwachita bwino kulemba, koma nkhani iyi siyodikira yankho la sabata yamawa. Mawu akuti "ndatopa ndi moyo" ochokera kwa munthu amene wasintha chonchi ndi belu. Lero lomwe khalani naye awiriwiri, asanamwe, mumufunse mosazungulira: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funsoli limuika maganizo oipa m'mutu. Silitero. Kawirikawiri munthu amapepukidwa kuti wina wamumva. Akayamba kulankhula musamudule ndi ulaliki kapena kumukumbutsa za anzake amene akuvutika kuposa iye. Ingomvetserani.

Kenako chotsani m'nyumba tameki, mankhwala a mbewu, zingwe ndi mapilisi osungidwa. Maganizo odzipha amabwera mwamphamvu kwa kanthawi n'kutsika, ndipo chida chikakhala patali munthu amapulumuka. Masiku ano asagone yekha.

Munthu akatha masabata awiri kapena kupitirira ali wokhumudwa tsiku lonse, zimene ankazikonda zosamukomanso, kudya ndi kugona zitasokonekera, timati ndi matenda a kukhumudwa, depression. Amachizika. Amalume muwauze mwaulemu kuti munthu wothyoka mwendo sitimuuza kuti alimbe mtima ayende. Mchimwene wanuyo mumutsimikizire kuti ku Zomba Mental Hospital kumapita ochepa amene adwalitsitsa. Ambiri timawaona m'mawa, masana ali kwawo. Ku Mzuzu komweko kuli St John of God, amene ntchito yawo ndi yomweyi ndipo amathandizanso za mowa, komanso mungayambire pachipatala cha boma chimene muli nacho pafupi. Akakana mawu oti "maganizo", muuzeni kuti mukukaonetsa za kusagona ndi kufooka, zomwe n'zoona, koma mukalowa inuyo mukanene zonse, ndi mawu a dzana aja. Mukafuna uphungu musananyamuke, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, kumene amapereka uphungu wa zaumoyo pafoni.

Zinthu ziwiri zoti mukadziwe. Ngati wakhala akumwa tsiku ndi tsiku, kusiya mwadzidzidzi kungamunjenjemeretse ngakhale kumukomola, choncho achipatala akauzidwe mmene amamwera. Ndipo akakamupatsa mankhwala a matenda a kukhumudwa monga fluoxetine kapena amitriptyline, asayembekeze kusintha mawa lake. Amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti ayambe kumveka, ndipo ambiri amasiya pa sabata yoyamba poganiza kuti sakugwira. Amitriptyline ndi woopsa munthu akamwa wambiri nthawi imodzi, ndiye botolo muzisunga inu, muzimupatsa wa tsiku limenelo basi.