Kanjoka ka mwana wanga kakungobisala, kodi kakudwala?

FUNSO: Akonzi, ine ndili ku Leicester kuno ku UK. Mwana wanga wa zaka 14 anavuta mpaka bambo ake anamugulira kanjoka kushopu ya ziweto, akuti ndi Pueblan milk snake, kofiira ka mizere yakuda ndi yoyera, kutalika ngati rula ya kusukulu. Ine za njoka ayi ndithu koma poti kalowa kale m'nyumba nditani. Chibwerereni sabata yatha kamangobisala, sikanadyepo, mwana akakagwira kamanjenjemeretsa mchira, kumuluma, kenako kumusiyira zonunkha koopsa m'manja. Dzulo maso ake achita mbuu. Kakudwala? Tikapatse mkaka? Nanga kulumako sikungamuphe mwana?
Mayi wodandaula, Leicester

YANKHO: Mayi, mtima m'malo. Milk snake ilibe ululu olo pang'ono, nyama imene ikufuna kudya imaipha poikulunga ndi kuifinya. Mitundu yowalayo imafanana ndi ya coral snake, njoka yaululu ya kwawo komweko, ndiye adani amaiopa basi. Yanuyo kwawo ndi ku Mexico, chigawo cha Puebla ndi madera oyandikira. Kakaluma mwana angosamba ndi sopo, timano take ndi tochepetsetsa. Chofunika kusamala ndi salmonella, majeremusi otsegula m'mimba amene njoka zambiri zimakhala nawo, ndiye akakagwira kapena akakonza thanki imene kamakhalamo asambe m'manja asanagwire chakudya, ndipo mbale yake yamadzi isatsukidwire pa sinki ya kukhitchini.

Mkaka ayi. Alimi akale ku America ankapeza njoka zimenezi m'makola a ng'ombe n'kumati zikuyamwa, chonsecho zinkatsata mbewa. Madzi oyera m'kambale kosagubuduzika, zakwana.

Zonse mwalembazi ndi khalidwe lake kanjoka kakang'ono kameneka. Kutchire kanthu kotere kamadyedwa ndi mbalame ndi zilombo zina, ndiye kamadziwa kuti kukhala poyera ndi imfa, kamatuluka madzulo kapena usiku inu mutagona, ndipo dzanja likamatsika kuchokera pamwamba kwa iko ndi kabawi amene wabwera. Mchirawo, kulumako ndi fungolo ndi mantha, si nkhanza. Ineyo ndikuona kuti vuto lalikulu apa ndi chikondi cha mwana wanu, akukagwiragwira kwambiri. Muuzeni akasiye kaye mpaka katadya kawiri kapena katatu, kenako azikagwira mphindi zisanu zokha, kukanyamula kuchokera m'mbali osati pamwamba, osakafinya, kazingoyenda kuchoka dzanja ili kupita linalo. Zambiri zikamakula zimafatsa, ngakhale ma milk snake ndi ojijirika kuposa ma corn snake, njoka zina zimene anthu amaweta, zimenezo azidziwiretu.

Maso a mbuuwo ndiye kuti kakufuna kufundula. Nthawi imeneyi sikaona bwino, kamakwiya msanga ndipo zakudya kamakana, ndiye musakakakamize. Pakapita masiku ochepa maso ayeranso, kenako masiku ena ochepa mudzapeza khungu lakale lili apo. Ikani kakontena ka pulasitiki koboola pakhomo, mkati muli sphagnum moss wonyowa (mtundu wa ndere wosunga chinyezi) kapena mapepala a kukhitchini onyowa, kazilowamo kokha. Kakafundula onani khungulo ngati latuluka lonse, makamaka kunsonga kwa mchira ndi pamaso, chifukwa lotsalira kumchira limauma n'kumanga magazi mpaka nsongayo kuduka. Tating'ono timafundula pafupipafupi, mwina mwezi ndi mwezi, poti tikukula.

Kakamaliza kufundula ndiye mukayese chakudya. Kamadya tiana ta mbewa topanda ubweya, kushopu amati ma pinkie, amagulitsa owumitsa kale. Inde azikhala mufiriza yanu, ndipo musachite tsinya mayi, enafe kumudzi mbewa ndi ndiwo, ingowaikani m'kontena yawoyawo yotseka. Sungunulani kamodzi m'kapulasitiki m'madzi ofunda, osati mu microwave, kapatseni madzulo ndi kopanira, kakakana kasiyireni pakhomo pobisalira usiku wonse, m'mawa ngati sikanadye tayani, mudzayesenso pakatha masiku 5. Kambewako kasapose kunenepa kwa pakati pa thupi la njokayo. Kakayamba kudya, kamodzi pa masiku 5 mpaka 7, ndipo kakadya osakagwira masiku awiri, apo ayi kasanza.

Tsono kuzizira kwa ku UK'ko. Njoka siidzipangira yokha kutentha, ikazizidwa chakudya sichigayika. Mbali imodzi ya thanki izifunda madigiri 28 mpaka 30, inayo 22 mpaka 24, kazisankha kokha, ndipo mbali iliyonse pakhale pobisalira pothina bwino. Heat mat, kamphasa kamagetsi kofunditsa thanki, ikhale yolumikiza ku thermostat, kachipangizo koletsa kutentha kupyola muyeso, izi osanyengerera, yopanda thermostat imawotcha njoka pamimba. Pansi yalani utuchi wa mtengo wa aspen kapena mapepala, utuchi wa cedar ndi paini ayi, mafuta ake amazipweteka. Kazikhala kokha, mtundu umenewu umadya njoka zinzake. Ndipo chivindikiro chizitsekeka zenizeni, pamene pangalowe kamutu kake thupi lonse lidutsa, yang'anani mpata wa pakati pa magalasi otsetsereka a thankiyo ndi mabowo a mawaya. Musaiwalenso kuti zimakhala zaka 15 mpaka 20, mwana akadzapita ku yunivesite mukudziwa kale amene adzatsale nayo.

Zoyenera kuthamangira kwa dokotala wa ziweto (vet) ndi izi: kupuma mwaphokoso kapena kukamwa kuli yasa, thovu kukamwa, kusanza kobwerezabwereza, tizilombo takuda ngati utitiri pathupi kapena m'mbale yamadzi, komanso kuwonda. Muzikayeza pa sikelo ya kukhitchini kali m'kakontena, kulemba magalamu ake, ngati akutsika ndipo papita masabata atatu kapena anayi osadya, pitani. Si vet aliyense amaona njoka, ndiye funsiranitu pano amene amaona zokwawa kufupi ndi kwanuko, nambala yake ikhale mufoni.