Malonda a masamba a mabuku akale a mapemphero

Achimwene, mwafunsa kuti tsamba limodzi lothothoka m'buku lingakhale bwanji katundu woti munthu n'kumawoloka naye malire a France ndi Britain. Nanenso poyamba ndinkaseka.

Masambawa amachokera m'mabuku a mapemphero omwe anthu opeza bwino ankasunga kunyumba, makamaka m'zaka za m'ma 1400. Ambiri analembedwa pamanja m'Chilatini ku Paris, Rouen ndi Bruges, pachikopa cha ng'ombe yaing'ono chopalidwa mpaka kupyapyala. Zilembo zikuluzikulu ankazimata golide weniweni, ndipo utoto wabuluu wapamwamba unkachokera ku mwala wa lapis lazuli wokumbidwa ku Afghanistan. Tsamba la mawu okhaokha mutha kulipeza pa mapaundi mazana angapo. Lokhala ndi chithunzi, monga cha mngelo akulonjera Mariya, limafika masauzande.

Ine ndimaoda pa okushoni zing'onozing'ono za ku France n'kudzagulitsa kuno ku London. Mtengo womwe nyundo yagwerapo musauyese womaliza ayi, chifukwa eni okushoni amawonjezerapo yawo, kawirikawiri kota ya mtengowo kapena kuposerapo. Katundu akamalowa ku Britain pali VAT ya 5 peresenti pa zinthu zakale zoposa zaka 100, ndipo chiyambire 2021 mapepala a kasitomu sazembeka. Potuluka m'Britain napo mpovuta: cholembedwa pamanja chilichonse choposa zaka 50 chimafuna chilolezo chochokera ku bungwe loona za luso la Arts Council England, ngakhale chikhale chotchipa. Tsiku lina ndinalonjeza kasitomala wa ku America tsiku lolandira katundu ndisanapemphe n'komwe chilolezocho. Phuma langa lomwelo linandiluzitsa kasitomala.

Koma pomwe pagona nkhani ndi mbiri ya tsambalo. Chikopa chenicheni sichivuta kuchidziwa: mbali yomwe kunali ubweya imaderako ndipo imaoneka timadontho. Vuto ndi loti chikopa chitha kukhala chakale, chithunzi n'kukhala chatsopano. Kunali katswiri wina wachinyengo, amene amangotchedwa Spanish Forger, yemwe cha m'ma 1900 ankafufuta mawu pa masamba enieni akale n'kujambulapo zithunzi zake, ndipo anapusitsa anthu odziwa kuposa ine. Ndiye wogulitsa akalephera kundionetsa kuti tsambalo ladutsa m'manja mwa ndani, ndimabweza ndalama m'thumba. Ena mwa masambawa ndi obedwa m'matchalitchi ndi m'malaibulale.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti tsamba lililonse ndi chiwalo cha buku lomwe wina analiphwasula. Otto Ege wa ku Cleveland ku America, yemwe anamwalira mu 1951, anang'amba mabuku ambiri n'kumagulitsa masamba ake, akuti pofuna kuti anthu wamba nawonso akhudzeko. Alipo amene akuchitabe zomwezo lero, chifukwa buku logulitsidwa tsambatsamba limabweretsa ndalama zambiri kuposa lathunthu. Ine ndimangogula omwe kabukhu ka okushoni yakale kakusonyeza kuti anathothoka kalekale. Mukafuna kuyamba, gulani la mawu okhaokha limodzi, musunge lisiti lake, ndipo musalipachike pomwe pamafika dzuwa.