Buku lanu la ku Ireland silikuseketsa chifukwa malowo simunawagwire

Achemwali, mwati mukulemba buku loseketsa la ana, lonena za atsikana awiri a zaka 14 okhala kumudzi ku Ireland, koma amene mwawapatsa kuti awerenge sakuseka ndipo akuti nkhaniyo ikanatha kuchitika kwina kulikonse. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi. Zoseketsa za kumeneko zimabadwa m'kakhalidwe ka anthu ake.

Yambani ndi mtunda. Nyumba zambiri zili patalipatali, ndipo basi imadutsa mwa apo ndi apo. Chilolezo chophunzirira galimoto chimayambira zaka 17, cha thirakitala zaka 16. Ndiye mwana wa zaka 14 akafuna kukaona mnzake, ndi njinga basi, apo ayi apemphe mayi ake amuperekeze pa galimoto. Chiwembu chilichonse cha atsikanawo chiyenera kudutsa kwa mayi! Komanso m'parishi aliyense amadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje, moti akalakwa kusitolo, mbiri imafika kwawo iwo asanafike. Gwiritsani ntchito zimenezi mobwerezabwereza, ana satopa nazo.

Kenako kayankhulidwe. Mabwenzi a kumeneko amaonetsana chikondi pogemulana, eni ake amati slagging. Mtsikana sangauze mnzake kuti "ndiwe wapamtima panga". Amangomuitana ndi dzina limene linachokera pa chinthu chochititsa manyazi chimene anachita ali wamng'ono. Olemba ambiri amaphonya pamenepa: ena amawayankhulitsa mokoma mpaka nkhani imasukuluka, ena amagemulitsa aliyense mpaka imasanduka nkhanza. Ufulu wotchula dzinalo ukhale wa mnzake yekha, wina akayerekeza, awiriwo amuukire limodzi. Ndipo akadzayambana, musawalalatitse. Angoyamba kupatsana ulemu. Tsiku limene wina adzaitane mnzake ndi dzina lake lenileni, wowerenga wa zaka 11 adzadziwa yekha kuti zinthu zavuta.

Kalendala nayo muisamale. Ng'ombe zamkaka zambiri zimabereka mu Febuluwale ndi Malichi, choncho musaike chipwirikiti cha ana a ng'ombe mu Ogasiti. Udzu wa silage, wosungira ng'ombe kuti zidzadye m'nyengo yozizira, amayamba kudula kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni. Nyengo yomweyo mabanja ena amatengera ana kudambo kukaimika turf, dothi lakuda losonkhera moto, kuti liume. Msana umapweteka, tizilombo totchedwa midges tikuluma. Sukulu za sekondale zimatseka Juni, Julayi ndi Ogasiti. Kumapeto kwa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, kotero kuzemba panyumba 8 koloko podalira mdima n'kosatheka, pokhapokha ngati kulepherako ndiye nthabwala yake.

Mukafuna chowalekanitsa, tengani Gaeltacht. Achinyamata ambiri amapita milungu itatu kumadera oyankhula Chiairishi monga Connemara kapena Donegal, amagona m'nyumba za eni dera moyang'aniridwa ndi mayi wotchedwa bean an tí, madzulo amavina céilí, ndipo m'makoleji okhwimitsa malamulo wogwidwa akuyankhula Chingerezi akhoza kubwezedwa kwawo. Mmodzi apite, wina atsale akukama ng'ombe. Kapena apite onse, koma wolongolola uja akhale amene Chiairishi chimamuvuta.

Masewera musawaiwale. Kalabu ya GAA, bungwe la masewera a chikhalidwe cha ku Ireland limene linayamba mu 1884, ndiyo mtima wa maparishi ambiri. Atsikana amasewera camogie (omenya kampira ndi ndodo) kapena mpira wa Gaelic, anthu 15 mbali iliyonse. Mpira ukalowa mu ukonde ndi mapointi 3, choncho 1-05, kutanthauza chigoli chimodzi ndi mapointi 5, ndi mapointi 8. Mukasokoneza izi, mwana wa ku Ireland atseka buku pomwepo.

Zoti muchotseretu: timizimu ta leprechaun, njoka (kutchire kulibe), ndi wapolisi wa pamudzi wonyamula mfuti, poti a Garda, apolisi a ku Republic of Ireland, ovala yunifolomu nthawi zambiri sayenda nazo. Sankhaninso mbali ya malire, poti chilumba cha Ireland chinagawidwa pawiri. Ku Republic ndalama ndi euro, ku Northern Ireland ndi mapaundi, ndipo mayeso a sukulu ndi osiyana.

Owerenga anu enieni ndi a zaka 10 mpaka 12, poti ana amakonda nkhani za owaposa msinkhu pang'ono. Mawu 30,000 mpaka 45,000 akwanira, mutu uliwonse usapitirire mawu 2,000. Nthabwala imodzi, tinene ya waya wamagetsi wotchingira ng'ombe, ibwere katatu: koyamba agwidwe mmodzi, kachiwiri winayo, kachitatu munthu wamkulu amene wakhala akuwachenjeza. Mukatero werengerani ana atatu kapena anayi mokweza, pensulo ili m'manja, ndipo tsamba lililonse limene ayamba kuyang'ana kumbali mulichonge kuti mukalidule.